Mbuzi za Pakhoma la aNangozo

Agogo anga aNangozo anatisiya mwezi wa Juni chaka chatha, m'mawa wa nkhungu yambiri, atangomaliza kukalipira nkhuku ya eni ake imene inalowa m'khitchini. Zaka zawo palibe akuzidziwa. Iwo ankati anabadwa chaka cha dzombe, koma akakhala pa mkangano ankasanduka wamkulu kuposa aliyense amene akukangana naye. Ndi iwo anandilera kuyambira ndili ndi zaka zitatu, mayi ndi bambo anga atapita motsatizana.

Pa maliro awo abusa, amene anali achilendo pa mpingo wathu, ananena kuti malemu anali munthu wofatsa, wodzichepetsa, wosakonda mikangano. Anthu anaweramitsa mitu, amayi ena akubisa pakamwa ndi nsalu. Mmodzi yekha ndiye analephera kudzigwira, anachita kudzuka n'kukamalizira kuseka kuseri kwa nkhokwe. Ameneyo anali Esinta, mayi amene lero amajambula zikwangwani za magolosale ndi malo ometera ku Lizulu. Palibe anamudzudzula. Pa anthu onse amene analipo, iye ndi amene anali ndi ufulu woseka.

Nyumba yathu ili pamene njira yochokera kumtunda imakhota isanatsetserekere ku Lizulu. Aliyense wopita kumsika ndi kachewere, kabichi kapena tomato amadutsa pamenepo, ndipo khoma lathu la kum'mawa limayang'ana njirayo. Amayi ambiri kwathu akakolola amazira nyumba zawo ndi dothi, ena n'kulemba timizere ndi timaluwa m'munsi mwa zenera. Agogo ankati timaluwa ndi ntchito ya anthu opanda chonena. Iwo ankajambula nkhani. Chaka chilichonse mvula ikatha ankazira khoma lonselo, likauma n'kujambulapo zimene zachitika m'mudzi: ukwati wa uje, ng'ombe imene inagwera m'chitsime, ndewu ya pa mowa wa masese.

Mitundu anali nayo inayi. Wofiira unali katondo wa kuseri kwa dimba, wakuda unali makala osinja osakaniza ndi mwaye, wotuwa unali phulusa. Woyera ndiwo unali wovuta, chifukwa dothi lake ankakalikumba m'mbali mwa kamtsinje kena kutsidya kwa msewu, ku Mozambiki. Asanalikumbe ankayamba alilawa, n'kulavula, n'kulawanso. Tsiku lina wa yunifolomu wina wa kutsidyako anawafunsa mapepala. Anamuyankha kuti iwo anayamba kukumba pamenepo amayi ake asanamere mano, ndipo ngati dziko lake likusowa dothi anene, adzamubweretsera la ku Malawi ndowa ziwiri. Mnyamatayo anawatwika ndowa yawo pamutu.

Vuto linali limodzi lokha, ndipo mudzi wonse unkalidziwa kupatula mwini wake. Chilichonse chimene agogo ankajambula chinkaoneka ngati mbuzi. Ng'ombe inkatuluka mbuzi yonenepa. Galu ankatuluka mbuzi yowonda. Mkwati ndi mkwatibwi anali mbuzi ziwiri zoimirira, ina itafunda nsalu yoyera kumutu. Mlendo akaima n'kufunsa mwaulemu kuti mbuzi zokongolazi ndi za yani, ankachoka pamenepo atauzidwa za maso ake, za maso a makolo ake, ndi za sukulu imene inawononga nthawi pa iye.

Chaka chimene zipani zinayamba kuchuluka, aliyense akuopa ngakhale mtundu wa malaya ake, agogo anajambula tambala wamkulu wakuda pakati penipeni pa khoma. Za ndale sankazidziwa, anali tambala wathu amene anagwidwa ndi vumbwe. Ine ndinali ndi mantha kuti atiotchera nyumba. Anyamata a mbali zonse ankadutsa ndi nyimbo zawo, koma palibe anatola mwala. Mmodzi yekha anaima, n'kupendeketsa mutu, n'kufunsa anzake ngati kwayambika chipani cha mbuzi. Agogo anakhala sabata yathunthu ali okhumudwa kuti palibe anawaopseza.

Mawu akuti pepa sindinawamvepo pakamwa pawo. Ine ndinali mwana wosayankhulayankhula, ndipo anthu akafunsa ngati ndili bwino, ankati m'nyumba imodzi simufunika pakamwa pawiri. Pa maliro ankapita, ankaphika, ankatunga madzi, koma mzere wa anthu okagwira anamfedwa dzanja n'kumati limbani mtima sankauima. Ankati mtima si njerwa yoti uiotche ilimbe. Ankatinso munthu wofedwa usamamufunse za mumtima chifukwa akunamiza, uzingoyang'ana chimene manja ake akuchita.

Mdani wawo wa moyo wonse anali aNamaseko, a kutsidya kwa njira. Mkangano wawo unali wa mtengo wa mapichesi umene unamera m'malire a minda yawo, mizu mbali ya aNamaseko, nthambi zambiri mbali yathu. Anakangana za mtengo umenewo zaka zoposa makumi anayi. Sankayamba mwachipongwe. Ankayamba apatsana moni wonse, kufunsana za ana, za miyendo, za chifuwa, kenaka n'kuyamba kutukwanizana. Mmodzi akadwala mnzake ankatumiza phala, ndi uthenga woti achire msanga chifukwa nkhani ija sinathe.

Laitoni anali chitsiriza cha aNamaseko. Anakatenga mkazi ku Kasinje, kuchigwa kwa olima mpunga, n'kubwera naye chitengwa. Anamanga nyumba yawo kutsidya kwa njira, khomo lake kuyang'anizana ndi khoma lathu lija. Mkaziyo ndiye Esinta. Masiku oyamba tinkamudziwa ndi majuzi awiri amene ankavala nthawi imodzi ndi kuseka kwake akamadandaula kuti kwathu kuno kuzizira kumalowa mpaka m'mano. Laitoni ankanyamula kachewere wa anthu pa njinga kupita naye kumsika. Tsiku lina la msika galimoto yaikulu inamugunda pamsewu, anafera pomwepo. Mwana wawo Chikondi anali ndi miyezi isanu.

Maliro anaikidwa, anthu anameta, achibale a ku Kasinje anabwerera kwawo. Esinta anasiya kuyankhula. Ankakhala m'kati mwa khomo, miyendo atawongola, akuyang'ana panja. Chakudya chinkazizira pambali pake. Mwana ankayamwa pokhapokha wina atamunyamula n'kumuika pachifuwa pa mayi ake, ndipo anayamba kuwonda. Amayi a kumpingo ankabwera Lachinayi lililonse kudzaimba ndi kupemphera, iye ankawayang'ana ngati akuyang'ana nkhungu. Inatha miyezi itatu. ANamaseko, amene nawonso anali ndi chisoni chawo ndi msana wawo, anatopa. Analembetsa kalata kwa mwana wawo wamkazi Joyisi ku Blantyre, ndipo yankho linabwera: kutha kwa Sepitembala Joyisi adzabwera kudzatenga Chikondi kuti akamulere kumeneko, popeza mwanayo ndi wa kuchimuna, ndipo Esinta adzaperekezedwa kwawo ku Kasinje yekha. Kalatayo inawerengedwa pakhonde, Esinta akumva. Sanatembenuke n'komwe.

Nthawi yonseyo agogo anali asanapondeko pakhomo pake. Anthu anayamba kunena. Iwo ankati alibe nyimbo imene amayi a kumpingo sanaimbe kale. Ndiye m'mawa wina anazira khoma, chaka chimenecho anali atachedwa nalo, n'kundiuza kuti ajambula Laitoni.

Kwathu munthu sajambula wakufa, manda ake asanamere n'udzu womwe. Ngakhale dzina lake anthu amalizemba, amangoti malemu aja. Ndinati, "Agogo, anthu adzati chiyani?"

"Adzati wafanana," anatero.

Anagwira ntchito masiku awiri. Chimene chinatuluka pakhomapo chinali mbuzi yofiira itakhala pa chinthu cha magudumu awiri, lina lalikulu ngati lichero, lina losongoka ngati dzira. Kumbuyo kwake kunali matumba ooneka ngati maungu, akuyandama m'malere. Anthu odutsa ankafika pamenepo n'kufulumira, chifukwa kuseka sikukanatheka, kusaseka nakonso sikukanatheka. Ine ndinaona chinthu china. Agogo zipangizo zawo sankazisiya panja, ndipo palibe ankaloledwa kuzigwira, ngakhale ine. Koma atamaliza anasiya zitini zonse zinayi m'munsi mwa khoma, dothi lili lonyowa. Pambali pake panali zisanza ziwiri ndi nthenga za nkhuku ziwiri.

Woyamba kufika anali aNamaseko.

"Mwaswera bwanji, aNangozo?"

"Taswera, kaya inu aNamaseko? Msana uja?"

"Ukusintha. Chimenechi n'chiyani?"

"Simukumudziwa mwana wanu?"

"Ine ndinabereka munthu."

"Ndevu anali nazo."

"Ndevu, osati nyanga."

"Chimenecho n'chipewa."

"Chipewa cha nsonga ziwiri?"

"Mphepo ya pa Lizulu mumaidziwa inu? Mumapita liti kumsika?"

ANamaseko ananena kuti nkhaniyi aitengera kubwalo, kuti adzathira madzi khomalo ndi manja awo, ndi zina zimene sindingalembe. Agogo anangokoka fodya wawo wamphuno n'kuyetsemula.

Tsiku lachitatu masana ndinali pakhonde ndikusankha nyemba. Ndinaona Esinta akudzuka pakhomo pake, akugwira mphuthu ya chitseko ngati munthu wochokera kuchipatala. Anawoloka njira opanda nsapato, atavala nsalu yake yakuda imene inali itatuwa ndi fumbi. Anaima patsogolo pa khoma nthawi yaitali. Agogo anali atakhala pa mpando wawo wa ndalema chapafupi, atamufulatira, ndipo sanatembenuke.

"Sankakwera," anatero Esinta. Mawu ake anali osasa ngati chitseko chimene sichinatsegulidwe chaka chonse.

"Mwati chiyani, make Chikondi?"

"Akanyamula matumba sankakwera. Pokhota pano pamatsetsereka. Ankatsika n'kumayenda nayo."

"Pakhoma langa amakwera."

"Matumba ankaika atatu. Awiri pakeliyala, limodzi pakati pa felemu. Malegeni ankamanga mopingasa."

"Anthu a ku Kasinje mwayamba liti kudziwa za kachewere? Inu paja ndi a mpunga."

Esinta anawerama, anatola chisanza, anachiviika m'dothi lozirira, n'kufafaniza miyendo ya mbuzi ija. Ndinasiya nyemba. M'moyo wanga wonse ndinali ndisanaone munthu akugwira khoma limenelo. Agogo anadzuka ndithu, n'kumuuza kuti aike pansi chisanzacho. Iye anatola nthenga, anaiviika mu makala, n'kuyamba kulemba mwendo wa munthu woima pansi. Mzere unatuluka wokhotakhota.

"Taonani," anatero agogo. "Mwadya lero?"

Esinta anangoviikanso nthenga mu makala.

Analowa m'nyumba n'kutuluka ndi mbale ya kachewere wophika ndi nyemba. "Pakhoma langa sipagwira munthu wa manja onjenjemera. Musaganize kuti ndakumverani chisoni. Ndikuteteza khoma."

Esinta anadya ali chiimire, maso ali pakhoma. Anamaliza mbale yonse.

Umo ndi mmene nkhondo inayambira. M'mawa uliwonse agogo ankadzuka n'kukonza zimene Esinta wawononga, Laitoni n'kubwereranso pa chishalo, miyendo n'kukhalanso inayi. Masana Esinta ankawoloka njira n'kumutsitsa. Agogo ankakhala pa mpando wawo akupereka malamulo, ndipo malamulowo ankachuluka tsiku ndi tsiku. Nsalu yafumbi imadetsa dothi loyera, ichapidwe. Zikhadabo zazitali zimakanda khoma, ziwengedwe. Mwana akamalira kutsidyako iwo maganizo amabalalika, ndiye aberekedwe kumbuyo, ndipo ayambe wayamwa chifukwa mwana wanjala amagwedeza mayi ake mzere n'kukhota. Dothi loyera litatha ananena kuti amene walimwaza ndi amene akalitenge. Esinta, amene anali asanapitirire chimbudzi cha kwawo kwa miyezi itatu, anayenda mpaka ku Mozambiki ndi ndowa pamutu, mwana kumbuyo, agogo ali patsogolo akumuuza kuti akuyenda ngati bakha. Ulendo umenewo unkadutsa pamsewu pomwe Laitoni anagundidwira. Agogo sanaime, sanasiyenso kulongolola, ndipo anawoloka.

Tsiku lina agogo anali atabwezeretsa gudumu lawo lakutsogolo. Esinta analiyang'ana n'kunena kuti, "Agogo, gudumu lanuli lili ngati chigumu choti wina wachikhalira." Atatero anaseka. Kunali kuseka kwakufupi, kotuluka kokha. Anagwira pakamwa n'kuyang'ana uku ndi uku ngati waba kanthu. Agogo anamuuza kuti alibe mwambo, ndipo kuti ku Kasinje ana amaleredwa ndi achule.

Chimene palibe ankayembekezera, ngakhale agogo, n'chakuti mtsikanayo ankatha kujambula. Kusukulu, asanalekeze mu sitandade seveni, ndi iye ankajambulira aphunzitsi mapu ndi ziwalo za nsomba pabolodi. Njinga imene inatuluka pakhomapo inali ndi masipoko, tcheni, madigadi opindika kumbuyo ndi belu lopanda chivundikiro. Malegeni anali opingasa. Munthu woyenda nayo anali atawerama, phewa limodzi lili m'mwamba, malaya atang'ambika pamsana. Anyamata a njinga anayamba kuima pokhota paja. "Njinga ya Laitoni iyo," ankatero, ena n'kuvula zipewa.

Apa agogo zinawapweteka zenizeni. Zaka makumi anayi akujambula, palibe anali atazindikirapo kanthu pakhoma limenelo popanda kuuzidwa. Anakhala masiku awiri akunena kuti maso a anthu anawonongeka ndi makalendala. Koma bambo wina wodutsa atawauza kuti, "Gogo, chaka chino ndiye mwayesetsa," anayankha kuti munthu amaphunzira mpaka kukalamba, n'kulandira kuyamikako konse osasiyako.

Panatsala mutu. Thupi linali la Laitoni kuyambira kuphazi mpaka m'khosi, koma pamwamba pake panali pakadali mutu wa agogo uja, ndevu ndi chipewa cha nsonga ziwiri. Esinta ankakonza china chilichonse, ankabwereza masipoko, ankawonjeza miyala m'njira, koma mutuwo sankaugwira. Sepitembala anali akutha. Anthu ankaona kuti mayiyo wayamba kudya ndi kuyenda, koma aNamaseko sankafuna kumva. Ankati munthu amene amayankhula ndi khoma koma osapereka moni kwa apongozi ake sanachire, ndipo kalata inapita kale. Zinali zoona kuti awiriwo anali asanayankhulane chiikireni maliro.

Kutatsala masiku atatu agogo anafunsa kuti, "Mutuwo ndiye mwaukonda?"

Esinta anayankha motsitsa. "Nkhope yawo sindikuiona, agogo. Ndikatseka maso ndimangoona msana, akutsika njira."

Ndinaganiza kuti tsopano agogo anena mawu ofewa. Anakoka fodya, anapukuta mphuno, n'kudzuka kupita pansi pa mtengo wa mapichesi pamene aNamaseko ankatonola chimanga. Atapereka moni wonse ananena mokweza, kuti ndi kutsidya komwe amve, kuti nkhani ya mbuzi ija yatha. Mkazi weniweni wa Laitoni wakonza zonse koma mutu wausiya, kusonyeza kuti mutuwo ndi womwewo. Ndipo anawonjeza kuti n'zosadabwitsa, chifukwa nkhope imeneyo ndi ya kubanja, kuyambira malemu amuna awo a aNamaseko.

ANamaseko anataya chitsononkho n'kulowa m'nyumba, agogo n'kubwerera kukhoma kwawo. Anatuluka ndi Baibulo, ndipo m'kati mwake munali chitupa chovotera cha Laitoni, chokutidwa ndi pulasitiki. Chithunzi chake chinali chimenecho basi, china kunalibe. Anawoloka njira liwiro limene msana wawo sunkalola, n'kuchiika pamphuno pa agogo.

"Onani. Nyanga zili pati?"

"Ine maso anatha. Aonetseni amene ali ndi maso."

ANamaseko anatembenuka, ndipo amene anali pambali pawo anali mtengwa wawo. Anaima kanthawi dzanja lili m'malere. Kenaka anapereka.

Esinta analandira ndi manja awiri. Chithunzicho chinali chaching'ono ngati bokosi la machesi, Laitoni atatuzula maso ngati wagwidwa ndi katundu wa eni. Anachiyang'ana nthawi yaitali. ANamaseko anakhala pansi m'fumbi momwemo. Kenaka Esinta anatola chisanza n'kufafaniza mbuzi.

Nkhope inatenga masiku atatu onsewo, chifukwa tsopano akapitawo anali awiri.

"Makutuwo akulitseni pang'ono, make Chikondi. Anatengera bambo ake."

"Si aakulu choncho, amayi."

"Ndinawabereka ine makutu amenewo."

"Chabwino. Koma pamwamba pa diso ili panali chipsera."

"Eya. Anagwa mu mtengo wanga wa mapichesi ali ndi zaka zisanu ndi chimodzi."

"Wanga," anatero agogo ali pa mpando. "Ankaba."

Joyisi anafika Loweruka masana, atavala nsapato zazitali zimene zinkamira m'fumbi, atanyamula chikwama chodzaza ndi zovala zatsopano za mwana. Kunyumba kwa amayi ake sanapeze munthu. Anawapeza kutsidya kuno, amayi atatu odzola dothi mpaka m'zigongono akukangana za mphuno. Chikondi anali atakhala pansi pafupi ndi zitini, masaya atayamba kubwerera, pakamwa pali mbuu.

"Amayi, mwanayu akudya dothi."

"Ndi la ku Mozambiki," anatero agogo. "Labwino."

Joyisi anafuna kuyankha, koma maso ake anagwera pakhoma. Mchimwene wake anali pamenepo, akutsika ndi matumba ake atatu, atatembenukira kunjira ngati wina wamuitana. Anaika chikwama pansi. Patapita nthawi anapukuta m'maso ndi kuseri kwa dzanja, n'kufunsa mwaulemu ngati katundu wa mwana wakonzedwa, chifukwa basi ya m'mawa imadutsa molawirira.

Esinta anaika nthenga m'chitini, anapukuta manja pa nsalu, ananyamula mwana wake. "Alamu, mwayenda ulendo wautali, zikomo. Koma mwana wanga sapita. Zovalazo siyani, zimukwana."

Joyisi anayang'ana amayi ake. "Paja munalemba kalata ndinu."

"Ndinalemba za munthu wosayankhula," anatero aNamaseko. "Uyu chiyambire m'mawa akundiyankha mwano. Mwana sapita. Ndipo mphunoyo yakhota."

Joyisi anagona masiku awiri n'kubwerera ndi chikwama chodzaza ndi kachewere.

Panali mkangano umodzi wotsiriza, ndipo umenewo sunali woseketsa. Mitambo itayamba kusonkhana mu Novembala, Esinta anapeza pepala lalikulu la pulasitiki n'kulikhomera pakhoma kuti mvula isawononge chithunzi. Agogo analikanganula. Iye analikhomanso. Analikanganulanso, ulendo uno n'kulipinda, n'kukhalira. Ndiyo nthawi yokhayo imene ndinawamva akuyankhula motsitsa mawu. Anamuuza kuti zojambula za dothi zimapita ndi mvula, ndi mmene zimakhalira, ndipo khoma likafundidwa pulasitiki limaola mkati nyumba n'kugwa. Anamuuzanso kuti iwo pakhoma lomwelo anajambulapo mwana wawo wamkazi, mayi anga, chaka chimene anamwalira, ndipo mvula inamutenga. Ine zimenezo sindinkazidziwa. Ndinakumbukira kuti ndili wamng'ono panali mbuzi ina yobereka kamwana kumbuyo, ndipo ndinkaikonda.

Mvula ya kwathu imabwera mopendekera kuchokera kum'mawa. Inayamba ndi magudumu, kenaka matumba, kenaka miyendo. Nkhope inakhalitsa chifukwa inali m'munsi mwa denga, koma pofika Khirisimasi nayonso inali itayenderera. Tsiku limene inatheratu Esinta anaima pamvula n'kulira, kulira kwa mawu kumene sanalire pa maliro. ANamaseko anatuluka n'kukaima naye. Agogo anakhala pakhonde atanyamula Chikondi, akudandaula kuti mwanayu akulemera ngati thumba la fetereza ndipo eni ake amutenge.

Chaka chotsatira awiriwo anagawana khoma pakati, agogo kumanzere, Esinta kumanja, ndipo anapitiriza choncho zaka zambiri. Odutsa ankayang'ana kumanja kuti adziwe zimene zachitika, n'kuyang'ana kumanzere kuti aseke. Mwini golosale wina wa ku Lizulu ndi amene anayamba kumuitana Esinta kuti akamujambulire sopo ndi buledi pakhoma ndi penti weniweni. Agogo anapita kukayendera ntchitoyo, n'kubwera ndi lipoti loti bulediyo alibe moyo.

Nditakula ndinawafunsa kamodzi za zisanza ziwiri zija, ngati anaziika dala. Anandiyang'ana n'kunena kuti chimodzi chinali chopukutira thukuta, ndipo kuti mwana wokhala chete ndi woopsa kuposa mfiti chifukwa amawerenga ngakhale zisanza za eni. Ndinafunsanso ngati mbuzi ija anaiipitsa dala. Apa ndiye anakwiya zenizeni. Anati chithunzi chimenecho chinali chabwino kuposa zonse zimene anajambulapo, ndipo mtsikana wa ku Kasinje uja anachiwononga. Mpaka lero ndimakhulupirira kuti mayankho onse awiriwo ankanena zoona pang'ono.

ANamaseko ndiwo anatsogola, zaka zinayi zapitazo. Agogo anaphika pa maliro awo, anatunga madzi, ndipo pobwera kumanda ananena kuti munthuyo wathawa mlandu. Kuyambira pamenepo anayamba kukangana ndi nkhuku.

Chaka chino mvula yatha, anthu akolola, koma khoma lija palibe walizira. Dothi lakale lasuwa m'munsi mpaka zidina zikuoneka, ndipo mavu amanga zisa zawo m'mphepete mwa denga. Chikondi, amene anakulira kutsidya kwa njira komweko ndipo tsopano ali ndi ndevu ndi mwana wakewake, anabwera kudzandiuza kuti angathe kulipaka simenti kuti lisagwe. Amayi ake anamuyang'ana mpaka anasintha nkhani. Ndinamufunsa Esinta ngati ajambulapo kanthu. Anati anabwera kawiri ndi zitini zake, anaima, anadikira, koma panalibe womuuza kuti walakwitsa, ndiye dzanja silinadziwe poyambira.

Masiku a msika ndimakhala pakhonde. Anthu amatsika ndi katundu wawo, ndipo akafika pokhota paja amachepetsa liwiro n'kutembenuza mutu, ngakhale ana amene sanamvepo nkhani zimenezi. Amayang'ana khoma lopanda kanthu, amadikira pang'ono ngati munthu amene wapereka moni, kenaka amapitirira. Palibe amawatukwana.